Dzino Lotsukidwa Muzu Lisalume Nzimbe Msanga

Alimi anzanga, sabata ino sindinena za mizere kapena za nkhokwe ai. Ndinena za dzino. Ena a inu mufunsa kuti, kodi mlangizi wa zaulimi wayamba liti ung'anga? Sindine sing'anga, koma nkhaniyi inandipeza pantchito pomwe, ndipo ndi nkhani ya mankhwala ndi muyeso wake, chinthu chimene inu ndi ine timakambirana chaka ndi chaka pothira feteleza ndi posungunula mankhwala a thonje.

Bambo wina wa m'kalabu ya alimi imene ndimayendera, mlimi wakhama wa mtedza ndi chimanga, anadwala dzino la kumbuyo m'mwezi wa Novembala. Anakhala masiku anayi osaona tulo. Mwana wake amene agwira ntchito m'tauni anamtengera kwa dotolo wa mano, ndipo dotoloyo anati dzinolo lingathe kupulumuka osazulidwa. Anabowola pamwamba, natsuka m'kati mwa mizu, naikamo mankhwala oyera, natsekapo ndi chomata chongoyembekezera. Anauza bamboyo kuti abwerenso patapita masabata awiri kudzatsiriza ntchito. Ululu unatha. Mvula inagwa, kubzala kunayamba, kenaka kupalira, kenaka kubandira, ndipo ndalama ya basi inapita ku feteleza. Ndani wa ife angamdzudzule? Dzino silinali kupwetekanso.

M'mwezi wa Julaye, tili pamsonkhano wa kalabu pansi pa mtengo, bamboyo anali kusenda nzimbe ndi mano. Tinangomva akuti, "Mayo!" Dzino lija linang'aluka pakati monga chikuni chowazidwa ndi nkhwangwa, kuyambira pamwamba kufikira kumuzu. Atalavula, anandiyang'ana nati, "Alangizi, dotolo uja anandiwolesa dzino ndi Jik. Fungo lake ndinalimva ndi mphuno zangazi." Anthu anaseka. Ine ndinasekanso, koma mawuwo sanandichoke m'mutu. Ndinakafunsa kwa odziwa za mano, ndinawerenganso zimene ndinatha kupeza, ndipo ndinaona kuti mphuno za bamboyo sizinamnamize. Chimene analakwa ndi poika mlandu.

Dzino lili ngati khoma la nyumba

Tiyambe taona mmene dzino linapangidwira. Kunja kuli chikungwa choyera chonyezimira, chimene madotolo amati enamel. Palibe chinthu china m'thupi la munthu cholimba kuposa ichi, pakuti pafupifupi chonsecho ndi mwala wa kashiamu. Pansi pa chikungwacho pali thupi lenileni la dzino, lachikasu pang'ono, lotchedwa dentine, ndipo ndilo lipanganso mizu. Pakati penipeni pali kachipinda ka nyama yofewa, mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu, monga momwe phesi la chimanga lili lolimba kunja koma lofewa m'kati. Kuchokera m'kachipindako, nyama yofewayo itsika ndi tingalande topapatiza mpaka kunsonga ya muzu uliwonse. Dzino la kutsogolo kawirikawiri lili ndi kangalande kamodzi. Mano akuluakulu otafunira a kumbuyo ali ndi titatu kapena tinayi, ndipo tina ndi tokhota ngati mizu ya chinangwa yomera pamiyala.

Tsono mvetsetsani bwino za dentine, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mukamuyesa pasikelo, magawo 70 pa 100 ndi mwala, magawo 20 ndi ulusi wolukanalukana wotchedwa collagen, ndipo magawo 10 ndi madzi. Ulusi umenewu ndi wa mtundu womwewo umene ulimbitsa chikopa cha ng'ombe. Ganizani za nyumba ya makolo athu, yozika nsichi, yomanga timitengo topingasa ndi luzi, kenaka ndi kumata dothi. Dothi liumitsa khoma kuti lisapindike. Mitengo ndi luzi zigwira dothi kuti lisang'aluke. Chiswe chikadya mitengo m'kati, khoma liimabe ndi kuoneka bwino, koma ng'ombe ikangolikhula ligumuka. Mvula ikakokolola dothi, mitengo itsala pamtetete. Dzino nalo litero: mwala ndiwo dothi, ulusi ndiwo mitengo ndi luzi.

Mungathe kudzionera nokha kwanu. Tengani mafupa awiri a mwendo wa nkhuku. Limodzi muliviike m'viniga masiku angapo: viniga adzadya mwala wake, ndipo fupalo lidzapindika ngati mphira. Linalo muliponye pamakala lipse bwino: moto udzadya ulusi wake, ndipo lidzaoneka lathunthu, koma mukalifinya ndi zala lidzangonyenyeka. Ana a sukulu akondwera nako kuyesa kumeneku.

Chinanso, dentine si wogwirana ngati mwala wa mphero. Ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tochokera m'kangalande kunka kunja. Pa kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamakhala timabowo 20,000 kufikira 45,000. M'timabowo m'menemo ndi mobisala tizilombo.

Chifukwa chake atsuka

Dzino likabowoka ndipo mphako ikafika m'kachipinda kaja, tizilombo tilowa. Nyama yofewa itupa, ndipo popeza yatsekeredwa m'chipinda cholimba, isowa kotupira. Ndiwo ululu uja wokana tulo. Patapita nthawi nyamayo ifa, niwola, ndipo mafinya asonkhana kunsonga ya muzu, m'fupa la nsagwada. Apa njira zilipo ziwiri zokha: kuzula dzino, kapena kuchotsa zowola zonse m'tingalande ndi kutsekamo kuti tizilombo tisapezenso malo. M'zipatala zathu zambiri za m'maboma ntchito yochuluka ndi kuzula. Kutsuka muzu kupezeka makamaka m'zipatala zazikulu ndi kwa madotolo a m'matauni. Koma kuyambira mu 2019 dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madotolo a mano ku Blantyre, mothandizana ndi Yunivesite ya Glasgow, kotero ambiri a inu kapena ana anu mudzafunsidwa tsiku lina kuti, tizule kapena titsuke? Nkwabwino kudziwiratu.

Dotolo apala m'tingalande ndi tizitsulo tonga singano. Koma kangalande si kozungulira bwino ngati paipi ai. Kali ndi ngodya, mphanda ndi timakwalala, ndipo ofufuza anapeza kuti tizitsulo tija tisiya gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma, kapena kuposa, osalikhudza konse. Kumene chitsulo sichifika ayenera kufikako mankhwala amadzi. Amayi adziwa kuti chipanda cha mowa sungachiyeretse ndi dzanja lokha.

Mankhwala oyamba: mbale wake wa Jik

Mankhwala aakulu pa ntchitoyi dzina lake ndi sodium hypochlorite. Ndiwo omwe ali m'botolo la Jik, ndiwonso ali mu WaterGuard amene mumadontheza m'madzi akumwa. Kusiyana kwake ndi mphamvu ndi kayeretsedwe. Anatchuka pa zachipatala mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene Mngelezi wina dzina lake Henry Dakin, pamodzi ndi dotolo Alexis Carrel, anawasungunula kufikira theka la gawo limodzi pa 100 natsukira mabala a asilikali ku France. Madotolo a mano masiku ano agwiritsa ntchito mphamvu yoyambira pa theka lomwelo kufikira magawo 5 kapena 6 pa 100. Jik wa m'sitolo ali ndi magawo atatu ndi theka. Mwaona tsono kuti bambo uja ananunkhiza zoona.

Ubwino wa mankhwala amenewa ndi waukulu. Apha tizilombo msanga, ndiponso asungunula nyama yowola, chinthu chimene mankhwala ena otsukira sachita. Koma mankhwala alibe maso. Sadziwa kuti iyi ndi nyama yowola, uwu ndi ulusi wabwino wa dzino. Alowa m'timabowo tija nayamba kudula ulusi, monga chiswe m'khoma. Mayi aliyense amene anaviikapo nsalu usiku wonse mu Jik wosasungunula bwino adziwa zimene ndinena: nsalu iyera ndithu, koma pochapa kachiwiri ingong'ambika m'manja.

Mu 2001 ofufuza a ku London anadula timatabwa ta dentine kuchokera ku mano ozulidwa a anthu, nativiika maola awiri, tina m'mankhwala a mphamvu ya magawo asanu ndi pang'ono, tina m'mankhwala a theka la gawo. Kenaka anatikanikiza pamakina kufikira titathyoka. Timene tinali m'mankhwala amphamvu tinathyoka msanga. Timene tinali m'ofatsa sitinasinthe kwenikweni. Ena anayesa kuzama kwake napeza kuti mankhwalawa salowa m'khoma kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Mudzati, kameneko ndi kochepa. Inde, pa muzu wonenepa wa munthu wamkulu ndi kochepa. Koma pali mizu ina khoma lake silifika ndi milimita imodzi yomwe, makamaka pa mano a ana amene mizu yake sinakhwime.

Nanga bwanji madotolo sangogwiritsa ntchito ofatsa okhaokha? Chifukwa ofatsa atha mphamvu msanga ndipo asungunula zowola pang'onopang'ono, kotero afunika kuthira ambiri ndi kubwereza kawirikawiri. Amphamvu agwira msanga koma adya khoma. Walira mvula walira matope. Dotolo aliyense ayenera kuyesa pakati pa ziwirizi poona dzino limene lili patsogolo pake. Si chimodzimodzi kodi ndi kudibi? Mankhwala akachepa nkhupakupa sizifa, akachuluka ng'ombe ipsa chikopa.

Mankhwala achiwiri: odya mwala

Tizitsulo tikamapala khoma tisiya phala la fumbi la dzino losakanizika ndi zowola, ndipo phalalo limata timabowo tija, tizilombo tili m'kati. Mbale wa Jik uja sangathe kulichotsa lonse, pakuti iye adya nyama ndi ulusi, sadya mwala. Pamenepo dotolo atenga mankhwala ena otchedwa EDTA, a mphamvu ya magawo 17 pa 100, amene dotolo wa ku Norway, Nygaard-Østby, anawabweretsa pa ntchito ya mano mu 1957. Ena agwiritsa ntchito asidi wa mtundu wopezeka m'mandimu. Awa ndiwo viniga uja wa pa fupa la nkhuku: akoka kashiamu m'khoma, phala lija lisungunuka, timabowo titseguka.

Apa chofunika ndi wotchi. Mu 2002 ofufuza awiri a ku Ankara, m'dziko la Turkey, anaonetsa kuti mphindi imodzi ikwanira kuchotsa phalalo. Atawasiya mphindi 10, khoma linakokoloka, timabowo tinakula mpaka kulumikizana, monga zigwembe m'munda wopanda mizere yotchinga madzi. Dentine wotere afewa.

Ndipo kutsatana kwake kulinso ndi kanthu. Odya mwala akayamba, ulusi utsala poyera. Mukabwezeranso mbale wa Jik nthawi yaitali pamenepo, apeza ulusi wopanda chotchinga naudya mosavuta. Mvula yakokolola dothi, chiswe chapeza mitengo. Chifukwa chake madotolo osamala sabwerezabwereza mankhwala awiriwa mosinthanitsa popanda kuwerenga nthawi.

Alipo achitatu, chlorhexidine, a mtundu womwewo umene anamwino amapaka pamchombo wa khanda. Awa apha tizilombo ndipo sadya khoma, koma sasungunula zowola, kotero sangagwire ntchito okha. Akakumana ndi mbale wa Jik m'kangalande, apanga nsenga zofiirira zimene zidetsa dzino ndi kutseka timabowo. Dotolo ayenera kutsukuluza pakati. Inu amene ndimakuletsani kusakaniza mankhwala awiri m'mpope umodzi osafunsa, taonani kuti lamuloli si la alangizi okha.

Mankhwala oyera aja, ndi mano a nkhosa

Tsono tibwerere kwa mlimi wathu. Mukumbukira kuti dotolo anamuikira mankhwala oyera m'mizu namuuza kuti abwere patapita masabata awiri. Mankhwala amene amaikidwa kawirikawiri podikira chotero ndi calcium hydroxide, ndipo inu muwadziwa: ndi laimu wa mtundu wopaka nyumba, koma woyeretsedwa mwachipatala. Musawasokoneze ndi laimu wothira m'munda, amene ndi mwala wongopera. Madotolo anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Germany cha m'ma 1920. Ndi aukali ngati chidulo chakupsa kwambiri, ndipo ukali umenewo upha tizilombo totsala pang'onopang'ono. Kwa sabata imodzi kapena masabata angapo ndi abwino ndithu.

Koma funsani ofufuta zikopa m'mafakitale. Iwo aviika chikopa m'laimu kuti ubweya usosoke ndi kuti ulusi wa chikopa umasuke. Ulusi wa dzino ndi womwewo. Mu 2002 dotolo wa ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, dzina lake Jens Andreasen, ndi anzake anatenga mano anthete a nkhosa, nawadzaza laimu ameneyu m'mizu, nawasunga nthawi zosiyanasiyana, kenaka nkuwathyola pamakina. Anapeza kuti pofika chaka chimodzi, mphamvu ya mano aja inatsika ndi theka. Anali mano a nkhosa, osakhwima, osungidwa m'botolo, choncho tisafulumire kunena kuti dzino la munthu wamkulu lichita chimodzimodzi ndendende. Koma chenjezo lake madotolo analimva. Mankhwala amene anayenera kukhala m'dzino la mnzathu masiku 14 anakhalamo miyezi isanu ndi itatu.

Ndinene zoona zonse, kuti ndisanamizire mankhwala. Chimene chifooketsa dzino koposa si mankhwala ai, koma kutayika kwa thupi la dzinolo. Ofufuza a ku Minnesota, ku America, anayesa zimenezi mu 1989. Ntchito ya m'mizu, kubowola, kupala ndi kutseka, inachotsa magawo 5 okha pa 100 a kulimba kwa dzino. Koma dzino limene linakumbidwa mphako yodutsa kuchokera mbali ina kufikira mbali inzake linataya magawo oposa 60. Kunena kwina, dzino limafika kwa dotolo litafooka kale ndi kubowoka. Lili ngati nkhokwe imene adula mkombero wake wa pamwamba: makoma ayamba kutagalala. Mankhwala angowonjezera pang'ono pa chofooka chakale. Ndipo munthu akaluma ndi mano a kumbuyo ndi mphamvu zake zonse, akanikiza ndi kulemera kofanana ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50, ena kuposa apo. Ikani thumba limenelo pa dzino lamphako, lopanda chivundikiro, lokhala ndi laimu miyezi isanu ndi itatu, pakati pake pali mfundo ya nzimbe. Mufunanso mfiti pamenepa?

Palinso china. Dzino lamoyo likaluma kamwala m'nyemba, munthu amva msanga naleka. Dzino lochotsedwa mitsempha silichenjeza bwino chotero. Mwini wake aluma molimba osadziwa.

Ntchito ikatsirizika bwino nkhani isintha. Dotolo achotsa laimu uja, aumitsa tingalande, natidzaza ndi utomoni wouma wotchedwa gutta-percha, wochokera ku mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nako. Kenaka amata pamwamba ndi chomata chokhalitsa, ndipo pa dzino lotafunira kawirikawiri aveka chipewa chogwira makoma onse pamodzi, monga mkombero uja. Ku Iowa, ku America komweko, anatsata odwala zaka zingapo nalemba mu 2002 kuti mano otsukidwa mizu amene sanavekedwe chipewa anatayika kasanu ndi kamodzi kuposa ovekedwa. Dzino lotsukidwa ndi kuvundikiridwa bwino lingathe kutumikira mwini wake zaka zambiri, ena mpaka kumanda.

Tsono muchitenji?

Maganizo anga ndi awa, ndipo madotolo ena kapena sakondwa nawo. Musavomere kuyamba ntchito imeneyi ngati mudziwa mumtima kuti simudzatha kubwerera. Funsani poyambirira, musanatsegule pakamwa kuti abaye jekeseni: ndidzabwera kangati, zonse pamodzi ndi ndalama zingati, kodi dzino lidzafuna chipewa, ndipo chipewacho ndi zingati? Muwerengere ndi basi yomwe, monga tiwerengera mbewu, feteleza ndi aganyu tisanatsegule munda watsopano. Muuzeni dotolo mosabisa kuti mukhala kutali ndi kuti mvula ikagwa simudzaoneka. Mano ena angathe kutsirizidwa ulendo umodzi, ndipo iye akadziwa za kwanu adzakonza ntchito mwa njira ina. Ngati zonse sizitheka, kuzula si manyazi ai. Kuli bwino dzino lozulidwa bwino kusiyana ndi dzino losiyidwa pakati pa ntchito, lodya ndalama kawiri. Koma ngati mungathe, lipulumutseni, makamaka la mnyamata kapena mtsikana, pakuti mano a munthu wamkulu ndi 32 okha ndipo lozulidwa silimeranso. Oyandikana nalo apendekera pampata, ndipo kutafuna kuvuta.

Pa nthawi yodikira, tafunirani mbali ina. Nzimbe, chimanga chokazinga, chinangwa chouma, mafupa ndi kutsegula botolo ndi mano, zonsezi zidikire. Chomata chongoyembekezera chija chipangidwira masabata ochepa. Chikagwa, malovu ndi tizilombo zilowanso, ndipo kutsuka konse kuja kwapita pachabe. Pitani msanga akabwezeretse.

Muli pampando, dotolo angakuphimbeni pakamwa ndi kansalu ka mphira, dzino lokhalo litatulukira pakabowo. Musakane. Njirayi ndi yakale, inayamba ku New York mu 1864, ndipo itchinga mankhwala kuti asaotche nkhama ndi lilime, itchinganso malovu kuti asalowe m'muzu. Ndipo mukamva ululu woopsa mwadzidzidzi pamene ali kutsuka, kwezani dzanja pomwepo, musalimbe mtima monga tichitira amuna. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, mankhwala apyola kunsonga ya muzu nalowa m'nyama yamoyo. Tsaya litupa msanga ndi kuda ngati lomenyedwa. Dotolo akadziwa msanga aleka natsukuluza.

Zoika m'dzino kunyumba

Ndili ndi mantha amodzi polemba izi. Wina adzawerenga theka la nkhaniyi nanena kuti, kani madotolo atsuka mano ndi Jik, ndiye ine ndidziviikira kathonje ndekha. Chonde, ai. Dotolo athira mankhwala ndi kasingano m'kangalande kotsegulidwa, nkhama zitatchingidwa, wina ali kuyamwa otsala ndi kapaipi, wotchi ili pakhoma. Inu kunyumba mankhwala sadzafika konse kumuzu kumene kuli matenda. Adzangootcha nkhama, tsaya ndi kukhosi.

Ndipo si Jik yekha. M'midzi imene ndimayenda ndaona anthu akudontheza m'dzino madzi a batire, palafini ndi mafuta a mabuleki. Madzi a batire ndi asidi waukali koposa viniga kutalitali: adya mwala wa dzino lodwalalo ndi wa mano abwino oyandikana nalo, ndi kusiya zilonda. Ena atsamiritsa piritsi la asipilini pankhama, ndipo m'mawa apeza nkhama yayera ndi kusupuka, pakuti asipilini nayenso ndi asidi, ntchito yake agwira akamezedwa. Koma chimene chinandiwawa mtima koposa ndi mayi wina amene ndinampeza atafwirira m'dzino fumbi la mankhwala osungira chimanga. Anati, popeza apha anankafumbwe, aphanso kachilombo ka m'dzino. Pamenepa ndilankhula monga mlangizi, ndipo ndidziwa chimene ndinena. Mankhwala a m'nkhokwe, a thonje, a fodya ndi a kudibi ndi poizoni. Nyama ya m'kamwa iyamwa msanga kuposa khungu la padzanja, ndipo angathe kupha munthu. M'dzino mulibe nyongolotsi kapena nankafumbwe woti muphe.

Chinyengo cha zinthu zimenezi ndi chakuti nthawi zina ululu ulekadi. Uleka chifukwa mtsempha wafa, kaya ndi mankhwalawo kaya ndi matenda omwe. Koma zowola zikali m'mizu, ndipo patapita masabata kapena miyezi tsaya litupa.

Podikira ulendo wa kuchipatala, imwani Panado monga mwa muyeso wolembedwa, chukuchani m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo chotsani zakudya zotsalira m'mphako. Izi zingochepetsa ululu, sizichiritsa. Koma mukaona kutupa kukwera kudiso kapena kutsikira kunsi kwa chibwano, munthu akulephera kutsegula pakamwa kapena kumeza, thupi latentha, musadikire kuti kuche kapena kuti msika ufike. Mafinya a dzino angathe kutseka njira ya mpweya. Mtengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale pangolo.

Mnzathu wa nzimbe uja anapita kuchipatala cha boma sabata yomweyo. Anamuuza kuti dzino long'aluka mpaka kumuzu silimatika, ndipo analizula zidutswa ziwiri. Anabwera nazo pamsonkhano wotsatira atazikulunga m'kapepala, ndipo zinayenda dzanja ndi dzanja. Tonse tinaona mmene makoma ake analili opyapyala, ndi timizere toyera ta laimu tikali m'mizu. Mkazi wake ali ndi dzino lina la kutsogolo limene dotolo anati lingatsukidwe. Agwirizana kuti apite akangogulitsa mtedza, maulendo onse awiri athe mvula isanagwe, ndipo ndalama ya basi yachiwiri aisungitsa kwa msungichuma wa kalabu.